Kireni ya Mtengwa

Glasgow
3 Novembala 1985

Dinah wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi adada ndi amama. Ine ndili bwino, kungoti dzuwa la kuno layamba kulowa 4 koloko itangopitirira pang'ono, ngati nalonso likuthawa kuzizira.

M'kalata yako ya Seputembala unati ukaweruka kumunda umasowa chochita, ndipo mabuku atatu amene ndinakusiyira wawawerenga mpaka wayamba kuwapezera zolakwa. Loweruka lapitali kutchalitchi kumene ndimapemphera kunali kugulitsa zinthu zakale, ndiye ndakugulira bokosi. Usaseke. Ndi choseweretsa cha ana a kuno. Muli tizidutswa ta pulasitiki tolowetsana, tina ngati tinjerwa, tina tatitali tokhala ndi mabowo, komanso magiya ndi kainjini koyendera mabatire atatu. Ukazilumikiza bwino pamatuluka kireni, makina aja okweza katundu ndi chingwe. Chithunzi chake chili pachivundikiro. Buku la malangizo lilimo, koma mwana amene anali mwini wake anang'ambamo masamba apakati. Munthu amene anakhoza masamu pa Fomu 4 sangagonje kwa chidole cha mwana wa zaka zisanu ndi zinayi.

Maphunziro adzatha mu Seputembala chaka chamawa. Pirira. Undiuze za mvula, ndiponso za mwendo wa adada.

Ndine mwamuna wako,
Sylvester

Chisenga
15 Disembala 1985

Okondedwa a Sylvester,

Moni wa kuno. Tonse tili bwino. Mvula inayamba kumapeto kwa Novembala, chimanga tadzala, mawere tifesa amama akasiya kusintha maganizo za munda woyambira.

Phukusi lanu ndinakalitenga ndekha kuboma. Ndinalipeza lotsegula kale, pambali pake pataima bambo wina wa jekete amene sananene dzina lake kapena ntchito yake. Anatulutsa kainjini ndi mawaya ake nkundifunsa ngati kamatha kulankhula ndi ku Tanzania. Ndinati sindikudziwa, tikayese. Tinaikamo mabatire a mu tochi yake, kanalira, tonse awiri tinatchera khutu. A ku Tanzania sanayankhe. Anapempha kuona khadi langa la chipani, analiona mbali zonse, kenako anandipatsa bokosi langa. Munthu waulemu ndithu.

Sindinaseke. Ndinakhuthulira zonse pamphasa nkuzisankha mitundumitundu ngati nyemba. Bukulo lilibe mawu, ndi zithunzi zokhazokha, ndipo limayenda bwino mpaka chithunzi cha 11. Likatero limalumphira pa 23, pamene kireni yaima kale, chingwe chili lende. Zimene zinachitika pakati pa 11 ndi 23 akuzidziwa ndi mwana wa ku Glasgow uja. Tsoka lake, masamba osowawo ndi amene akuonetsa m'mimba mwa makinawo, pamene kainjini kamakumana ndi kogudubuza chingwe. Ndipeza ndekha. Ndimamangira pakhonde chifukwa m'nyumba mumachita mdima, ndipo ndikamapita kumunda ndimavundikira ndi lichero.

Mwafunsa za mwendo wa bambo. Ndikuyankhani monga mmene ndimawadziwira, ndi makutu. Ndodo yawo ikugunda pansi mofulumira kuposa mwezi watha, ndiye kuti mwendo wayamba kupola. Chifuwa chilipobe m'mawa. Kupitirira apo funsani amene amaloledwa kuwaona. Mwambo wa kwanu ndausunga monga munandiphunzitsira: sindilankhula nawo, dzina lawo silituluka pakamwa panga, akatulukira mbali iyi ine ndimazungulira kuseri kwa nkhokwe. Nkhokweyo ndaizungulira mpaka pamera njira. Kwathu ku Ntcheu apongozi timawaopa, inde, koma mantha athu amakhala ndi moni. Kuno ndatha chaka ndi miyezi itatu pabwalo limodzi ndi munthu, osadziwa ngati amandiona ngati mwana wake kapena ngati mbuzi ya eni yolowa m'khola.

Chitumbuka changa chafika poti amama akandituma mchere ndimabweretsa mchere. Nkhani zazitali zimatithera panjira.

Mundiuze ngati akuluakulu a kumeneko amaseweranso nazo zimenezi, ndidziwe ngati ndiyenera kuchita manyazi.

Ndine mkazi wanu,
Dinah

Chisenga
19 Januwale 1986

Okondedwa a Sylvester,

Moni. Yankho la kalata yanga ya Disembala silinafike, koma sindikukuimbani mlandu. Mitsinje yadzaza ndipo wa makalata sanaoneke sabata zitatu. Iyi ndipatsira aphunzitsi aakulu amene akuti ayesa kupita kuboma pa njinga.

Kireni yaima. Mkono wake ndi wautali ngati mkono wanga kuchokera pachigongono. Ndinalumikiza kainjini mwachindunji ku kogudubuza chingwe, ndipo ndinamangirira bokosi la machesi lopanda kanthu. Bokosilo linakwera ngati lakwapulidwa, nkukagwera pakati pa nkhuku. Nditaikamo timiyala tinayi, kainjini kanangobuula, osakweza. Ndiye ndinaganiza: pakufunika mphamvu, ndipo champhamvu ndi chachikulu. Ndinaika giya yaikulu pa kainjini, yaing'ono pa kogudubuza. Tsopano ngakhale timiyala tiwiri ikukana. Chifukwa chake sindinachimvetse, ndipo chikundisowetsa mtendere kuposa nsabwe za m'nyemba.

Koma nkhani yeniyeni ndi iyi. Pali amene akumaphwasula kireni yanga ndikakhala kumunda. Katatu tsopano. Samaphwasula yonse ayi. Mkono, miyendo ndi thupi amazisiya. Amachotsa m'mimba mokha, mmene ndavutikira kwambiri, nkundandalika tizidutswato pamzere kutsogolo kwa kireni, nkubwezera lichero. Pamzerepo amaikaponso kachidutswa kena kooneka ngati sikuluwu yonenepa, kamene ine sindinakagwiritse ntchito nkomwe.

Ndinayamba ndaganizira nkhuku, koma nkhuku sizidziwa mzere. Mlamu wanga Salome anakana, ndipo ndamukhulupirira, chifukwa iye akagwira chinthu sichibwerera pamalo pake. Ana a oyandikana nawo akanaba matayala. Ndimangoola tizidutswato, kubwezera m'bokosi, nkuyambiranso. Mawa ndisesa pansi pa khonde ndisanachoke, ndione mapazi.

Ndine mkazi wanu,
Dinah

Chisenga
26 Januwale 1986

Mwana wanga Sylvester,

Monile. Ine ndili makora, mwendo ukuyezga. Anyoko ali bwino. Ng'ombe yoyera yabereka yaikazi.

Ndalemba m'Chichewa, ngakhale changa ndi cha ku mgodi, kuti mawu awa uwakopere mkazi wako osasintha kanthu.

Chinthu chimene unatumiza ndachiona. Tsiku lina mphepo inagwetsa lichero, anthu onse ali kumunda. Sylvester, ameneyu si chidole. Ndi makina enieni, kungoti ndi aang'ono. Ndinagwira ntchito ya ufitala, yomanga ndi kukonza makina, ku Mufulira zaka makumi awiri ndi ziwiri, pa makina otsitsa anthu pansi pa mgodi, ndipo zonse zimene zinali kumeneko zili m'bokosi ili. Ndinakhala pansi mpaka khofi wanga anazizira.

Mkamwana ali ndi mutu. Thupi la kireni wamanga lolimba, walipingasa m'makona popanda womuuza. Ndinaona ophunzira ntchito a zaka zitatu amene sankadziwa zimenezo. Walakwa chimodzi chokha. Umuuze kuti mota imathamanga koma ilibe msana. Pa mota aike giya yaing'ono, iyo iyendetse yaikulu. Liwiro likachepa, mphamvu imabwera. Kenako pa mtengo wa giya yaikuluyo aikepo chija chonga sikuluwu, ife tinkachitcha nyongolotsi, ndipo nyongolotsiyo iyendetse giya ya pa kogudubuza chingwe. Nyongolotsi imakankha koma sikankhika. Ukazimitsa mota, katundu amaima m'malere, sagwa. Kopanda iyo, anthu amafa.

Ndayesa kumuonetsa. Ndimachotsa zolakwikazo nkuziika pamzere, kuyambira kumanzere, choyamba kulowa, chachiwiri, chachitatu, monga mmene fitala aliyense amaikira zitsulo pansalu kuti mnzake wa shifiti ina adziwe poyambira. Kumumangira sindingamumangire, chinthucho ndi chake. Koma iye amangoola zonse nkubwerezanso chomwecho. Mwina ku Ntcheu amawerenga kuyambira kumanja.

Ndinawauza anyoko kuti amufotokozere. Anyoko anati iwo za magiya sakuzidziwa ndipo sakufuna kuzidziwa paukalamba. Ndinaganiza zolemba kapepala nkusiya pansi pa lichero, koma kapepala ndi pakamwa pomwe. Adada anga sanachitepo zimenezo kwa anyoko, ndipo ine sindiyambitsa. Ndiye ndalembera iwe. Khonde lake lili mapazi makumi atatu kuchokera pa khonde langa, koma njira yololedwa ndi yodzera kwa iweyo.

Uyankhe msanga. Ndikamva mota ija ikubuula madzulo, mano anga amayabwa.

Ndine wuso,
R. Simkonda

Glasgow
9 Febuluwale 1986

Dinah wanga,

Kalata yako ya pa 15 Disembala ndailandira, ndipo ndaiwerenga kangapo. Nkhani ya bambo wa jekete ndiisunga mumtima mpaka tidzaonane, udzandifotokozere bwino.

Inde, akuluakulu amasewera nazo. Mphunzitsi wathu wina ali nazo mu ofesi ndipo amatiphunzitsira mapampu a madzi. Usachite manyazi.

Za adada usade nazo nkhawa. Ndi mwambo chabe. Amama anakhala choncho ndi agogo zaka makumi atatu ndipo palibe chinawachitikira. Munthu amazolowera.

Chipale chagwa kawiri. Ndajambulitsa chithunzi nditaima pakati pake, ndatsekera momwemu. Uwaonetse onse.

Sylvester

Chisenga
2 Malichi 1986

A Sylvester,

Moni. Chithunzi chafika dzulo. Chipale chakukhalani. Pa envelopu panali guluu wamitundu iwiri, ndiye kuti enanso achiona ndipo ndikhulupirira chawasangalatsa.

Zikuoneka kuti kalata yanga ya Januwale simunailandire, ndiye ndibwereza mwachidule. Wina wakhala akuphwasula m'mimba mwa kireni yanga nkundandalika tizidutswa pamzere. Ndinasesa pansi, ndipo pobwera kumunda ndinapeza mapazi a jombo limodzi, patapata limodzi, ndi timabowo ta ndodo. Pakhomo pano munthu woyenda chotero ndi mmodzi.

Ndinawafunsa amama. Anayang'ana kumbali nkunena kuti, "Mbadada wako. Wakuti vyose wananga." Ndiye kuti ndi bambo anu, ndipo akuti zonse ndawononga. Ndinafunsa kuti ndalakwa chiyani. Anati asawavutitse, iwo ali ndi mawere opalira.

Ndaganiza za zimenezi masiku ambiri, ndipo ndikulemba ndili wosakwiya. Chaka ndi theka bambo anu sananditumizirepo mawu alionse, abwino kapena oipa. Ndinkati ndi mwambo. Tsopano ndaona kuti akafuna kundiuza kanthu njira amaipeza. Ndipo uthenga woyamba umene asankha kundiuza ndi wophwasula chinthu chimodzi chokha chimene chili changa pakhomo pano. Kasanu ndi kawiri. Kwathu munthu akakutulutsira zinthu zako nkuzindandalika panja, safunika womasulira.

Mwina sakufuna mtengwa wosewera ngati mwana. Mwina sakufuna mtengwa wa ku Ntcheu. Mwina akuwerenga miyezi imene ndakhala pano wopanda mwana kumbuyo, ngakhale masamu ake ndi osavuta kwa aliyense wodziwa kumene inu muli. Sindingawafunse, ndiye sindidzadziwa.

Mwalemba kuti munthu amazolowera. Ndawayang'anitsitsa amama sabata ino kuti ndione mmene munthu wozolowera amaonekera. Sindikufuna.

Kireni ndaiphwasula ndekha, yonse, ndipo bokosi lili pansi pa bedi. A Lucius akuti lole yawo ya nyemba iyamba kuyenda msewu ukauma, Lolemba lomaliza la Epulo. Ndikwera imeneyo mpaka ku Karonga, ndipo kuchokera kumeneko ndipita kwa amayi anga. Ndikudziwa mmene anthu a kuno amatchulira mkazi amene wachoka pakhomo pamene anamuperekera ng'ombe, mwamuna wake kulibe. Ndikudziwanso kuti kubwerera kumavuta kuposa kuchoka. Ngati muli ndi mawu, muli ndi sabata zisanu ndi zitatu.

Dinah

Chisenga
16 Malichi 1986

Mwana wanga Sylvester,

Monile. Tili makora. Kalata yanga ya Januwale sunayankhe. Chithunzi chako ndachiona, wavala bwino, koma za magiya mulibe.

Pachitika chinthu. Kireni yachoka pakhonde. Sabata zitatu tsopano mota sinalire. Lichero labwerera ku ntchito yopeta.

Ndikuganiza kuti ndinalakwa. Chinthucho unatumizira mkazi wako, ndipo ine ndinachigwira popanda chilolezo, pakhonde la mkamwana, pamene sindiyenera kuponda nkomwe. Iye wasunga ulemu wonse kuyambira tsiku limene anafika. Sindinamumvepo akudandaula. Amene waswa mwambo ndine, munthu wamkulu, chifukwa cha magiya. Wabisa chinthu chake kuti andikumbutse malo anga, ndipo wachita bwino. Wachita mwakachetechete, osandichititsa manyazi kwa anthu.

Umuuze kuti ndamva. Sindidzapondanso pakhonde lake. Atulutse kireni yake amange mwaufulu, ngakhale mozondoka.

Koma ngati pali mpata m'kalata yako, za giya yaing'ono ija umuuzebe. Unene ngati waganiza wekha.

Ndine wuso,
R. Simkonda

Glasgow
7 Epulo 1986

Dinah, Dinah wanga,

Lero m'mawa ndalandira makalata anayi pamodzi, awiri ako ndi awiri a adada. Yako ya Januwale ili ndi matope. Ndawayala pabedi motsatira masiku ndipo kukalasi sindinapite.

Usakwere lole. Chonde usakwere. Adada sakukuthamangitsa. Akukuphunzitsa. Mzere uja ndi mmene mafitala a ku mgodi amaikira zitsulo, kuyambira kumanzere, motsatira mmene zilowere. Ine ndinakula ndikuona mzere umenewo, ngakhale pokonza njinga, koma sindinaganizepo kuti pali munthu amene sangaudziwe. Makalata awo onse awiri ndatsekera momwemu. Anati ndikopere, koma uwerenge dzanja lawo lomwe. Ngati kutero ndi kuswa mwambo, waswa ndine.

Mawu aja oti munthu amazolowera ndinalemba ndili pafupi ndi chotenthetsera m'chipinda, nditakhuta. Undikhululukire.

Ndawerenga masiku. Kalata ikayenda bwino imatenga sabata zitatu, ndipo zatsala sabata zitatu ndendende. Ndinaganiza za telegalamu, koma ikafika kuboma idzawerengedwa ndi anthu asanu isanapeze njinga, ndipo Chisenga yense adzadziwa kuti mkazi wa Sylvester akuthawa. Ndaika masitampa oposa muyeso, ngati kuti zithandiza.

Sylvester

Chisenga
11 Meyi 1986

Okondedwa a Sylvester,

Moni wa kuno. Kalata yanu ya pa 7 Epulo yafika dzana, pa 9 Meyi. Lole inanyamuka pa 28 Epulo. Masitampa anu ndi okongola.

Poti mwaona kale pamwamba kuti ndikulembera ku Chisenga, pumani, ndikufotokozereni mwadongosolo.

Loweruka lisanafike tsikulo ndinawauza amama kuti ndikupita. Anangonyamula mtondo nkukasinjira kuseri. Lolemba m'mawa ndinatseka sutikesi, ndinavala nsapato, ndipo ndinkadikira kuti lole ilize hutala kumsika. Bokosi lanu ndinaliika pakhonde kuti litsale.

Ndinamva ndodo. Inabwera mpaka pakati pa bwalo nkuima. Ndinasuzumira pa mng'alu wa chitseko. Bambo anali atakhala pa mpando wawo wachikopa, nkhope kunkhokwe, msana kwa ine. Amama anatenga bokosi pakhonde, anatsegula, anaika chivundikiro chokhala ndi chithunzi chija patsogolo pawo, chotsamira mwala. Bambo anatsokomola, nkuyamba kulankhula ndi chithunzicho, m'Chichewa, mokweza ngati akulankhula ndi wogontha.

"Iwe kireni," anatero, "ndamva kuti mwini wako akupita chifukwa cha ine. Ndabwera kupepesa kwa iwe, poti kwa iye sindingathe. Ndinakugwira popanda chilolezo."

Amama anati, "Ine nkhupulika chara," kutanthauza kuti iwo sakumva kanthu, ndipo anapita kukakhala pamalo pamene akanamva bwino.

A Sylvester, aka kanali koyamba kumva mawu a bambo anu atalunjika mbali yanga, ngakhale anadzera pa katoni. Ndinatsegula chitseko pang'ono, ndinafunda chitenje kumutu, nkukhala pansi kuseri kwake. Ndinati mumtima, ngati ndikupita, ndipite nditafunsa.

Ndinati, "Kireni, kugwidwa si mlandu. Koma bwanji unkalola kuphwasulidwa tsiku ndi tsiku, ziwalo zako nkuikidwa panja ngati katundu wa munthu wothamangitsidwa?"

Ndodo inagwa pansi.

"Wothamangitsidwa? Kireni, mwini wako anaphunzira sukulu yanji? Umene uja ndi mzere wa ntchito! Choyamba kumanzere!"

"Kireni, ku sukulu kwathu za mgodi kunalibe."

"Nanga ankaganiza kuti nyongolotsi ndinkaiika pamzere kuti iwothe dzuwa?"

"Kireni, nyongolotsi ndi chiyani?"

Anapuma mozama ngati munthu amene wauzidwa za maliro. Kenako anati, "Kireni, uza mwini wako akumange. Ine sindicheuka. Ndimva ndi makutu."

Ndinakoka bokosi nkuyamba. Thupi ndinalimanga msanga, manja analiloweza kale. Ndili pa mkono, hutala inalira kumsika koyamba. Palibe anatchula. Nditafika m'mimba, bambo ankatchula chidutswa chimodzichimodzi, ine nkumaika. Ndinayatsa.

"Kireni, ukulira ngati mbuzi yokodwa mu chingwe. Mano sakulumana. Asendeze giya yaikulu bowo limodzi."

Ndinasendeza. Kulira kunasintha, kunakhala kwa pansipansi, kosathamanga. Chingwe chinayamba kukwera pang'onopang'ono mpaka ndinaganiza kuti mabatire atha. Ndinamangirira bokosi la machesi lodzaza timiyala. Linakwera. Ndinamangirira botolo la inki, lodzaza. Linakwera. Ndinafuula ndekha, chitenje chinagwa, ndinachitola msanga.

"Kireni, tsopano azimitse katundu ali m'malere."

Ndinazimitsa. Botolo linaima pomwepo, likuzungulira pang'ono.

"Wagwa?"

"Sanagwe."

"Sangagwe," anatero bambo, ndipo msana wawo unawongoka.

Hutala inalira kachiwiri. A Lucius amaliza katatu basi. Ndinaona kuti ngati sindinena tsopano sindidzanenanso, ndiye ndinati, "Kireni, iwe wakhala pakhomo pano miyezi isanu ndipo walankhulidwa. Ine ndakhala miyezi makumi awiri. Palibe anandiuzapo ngati ndikulima bwino, ngati ndikuphika bwino, ngati ndikufunika."

Ndinkangoona khosi lawo.

"Kireni," anatero, mawu atatsika, "ulemu wa kuno ndi wolemera. Ine ndinaupeza, sindinaupange, ndipo sindidziwa kuutula. Unapangidwa kuti mwana wa eni asachite mantha pakhomo pa apongozi ake. Ngati wamusandutsa mlendo, ndiye kuti taunyamula molakwika. Umuuze kuti mizere ya chimanga chake ndi yowongoka kuposa ya mwana wanga. Ndimapita kukaiona iye akachoka. Umuuze kuti akapita sindimuletsa, ndipo palibe adzamunene ine ndili moyo. Koma pakhomo pano padzatsala anthu osadziwa kusiyana kwa giya ndi chivundikiro cha botolo."

Amama anati, "Yewo, tapulika," ndiye kuti zikomo, tamva, koma mokwiya ndithu.

Hutala yachitatu inalira ndili ndi funso lina, loti chifukwa chiyani giya yaing'ono ikayendetsa yaikulu mphamvu imachuluka, pamene kainjini ndi komweko. Anandiwerengetsa mano. Yaing'ono ili ndi asanu ndi atatu, yaikulu makumi awiri ndi anayi. Yankho lake linatenga mpaka dzuwa linafika pamutu, ndipo pofika nthawi imeneyo lole inali itadutsa kale.

Makalata awo amene mwatumiza ndawerenga kawiri. Ndawabisa, ndipo musawauze kuti ndinaona dzanja lawo.

Musaganize kuti zonse zatha. Sutikesi ndatsegula, koma sindinaibweze pamwamba pa mtanda. Nkhokwe ndikuizungulirabe, dzina lawo sinditchula, nkhope yawo sindinaionebe. Mukabwera mu Seputembala tidzakhala pansi, inu ndi ine, popanda katoni pakati, tikambe za kumene tidzakhale ndi za ntchito imene ndikufuna kuyamba. Mudzabwere mutakonzeka.

Pakali pano masana alionse akaweruka anthu kumunda, mpando umabwera pakati pa bwalo, msana kwa ine. Kireni taiphwasula, tikumanga chigayo. Iwo akuti tizidutswa sitikwana, ine ndikuti tikwana. Tikukangana kwambiri, kudzera mwa chigayocho.

Amama akuti dzulo kumsonkhano wa amayi a tchalitchi anafunsidwa ngati nzoona kuti amuna awo ayamba kucheza ndi chidole. Anayankha kuti nzoona, ndipo kuti chidolecho chimayankha mwamwano, m'Chichewa cha ku Ntcheu.

Ndine mkazi wanu,
Dinah